Masabata Asanu Amene Ndinabisa Mwana Wanga ndi Mano Ake Atsopano

Woyamba kundibweretsera nkhaniyi anali mlamu wanga, mkazi wa mlongo wanga wamng'ono, amene amagwira ntchito yokolopa pa chipatala china cha mano ku Lusaka. Anandipeza kudimba ndikumangirira matimati ku timitengo, mwezi wa Juni, dzuwa lili pamutu koma mphepo ikulasa. Sanadikire n'komwe kuti ndisambe m'manja.

"Mulamu, siyani matimati, sazathawa. Nkhalani pansi. Nabwela na nkhani ya mwana wathu."

Mwana wathu amene ankanenayo ndi mwana wanga woyamba, wamkazi, mayi wa ana atatu. Pa nthawiyo anali asanakwanitse zaka makumi anayi, koma m'kamwa mwake munalibe dzino ngakhale limodzi. Matenda a shuga anamugwira ali ndi mimba yachiwiri. Nkhama zinayamba kutuluka magazi, mano n'kumagwedera limodzilimodzi. Ena anagwa okha, ena anakawazula ku Chongwe. Lomaliza linatsalira pa chimanga chophika. Analiyang'ana, n'kulikulunga m'kapepala.

Anamupangirapo mano apulasitiki, aja ovala ndi kuvula. Am'mwamba ankakhalako, koma am'munsi ankayendayenda ngati nsapato ya mwini. Mwana wangayu anali wa kwaya kuyambira ali mtsikana. Lamulungu lina, pa nyimbo ya zopereka, anakweza mawu, mano am'munsi aja n'kugwera pa simenti. Palibe amene anaseka, anthu a tchalitchi chathu ndi aulemu. Koma mayi wina, povina, anawaponda osadziwa, n'kuthyoka pakati. Mwana wanga anatola zidutswa ziwirizo pamaso pa mpingo wonse. Kuyambira tsiku limenelo anasiya kwaya. Misa ankamvera kumbuyo pafupi ndi chitseko, nsonga ya chitenje ili pakamwa ngati wodwala chimfine, ndipo wansembe asanamalize dalitso iye anali kale panjira.

Mlamu anakhala pa chidebe changa chothirira, n'kuyamba kufotokoza.

"Kuja kunchito kuli ba dokota bamene baphunzitsa anzawo. Bafaka mano yosachoka. Baboola fupa, bafakamo tuzitsulo monga masikulu ya pa chitseko, pamwamba bamangilila mano yonse pamodzi. Sachosa pogona, safaka mu kapu. Manje bafuna anthu balibe mano konse kuti ophunzila baonelepo. Sibafuna kanthu. Bafuna chabe munthu wosaphonya masiku."

Ndinagwira pachifuwa. "Kuboola fupa la munthu wamoyo?"

"Nanga wakufa azachita nayo chani mano, mulamu?"

Tinaseka mpaka misozi. Ndinagwada pomwepo pakati pa matimati, ndinathokoza Mulungu, mlamu akundiuza kuti ndidzuke ndisanathyole mbewu.

Mwana wanga poyamba anakana. Anati wachita manyazi okwanira. Amene anamunyengerera ndi mwamuna wake, mkamwini wanga, munthu wofatsa amene amamanga nyumba za anthu ku Silverest n'kumabwera kuno ku Kanakantapa Loweruka. Amuna ena akanamusiya kalekale mwana wanga. Uyu ankamuphwanyira nyama ndi mpeni asanayambe kudya yekha.

Tinapita. Adokotala anali bambo wa imvi, wochokera kumpoto, Chinyanja chawo chothyokathyoka koma cha chikondi. Anajambula mutu wa mwana wanga ndi makina, n'kutionetsa nsagwada pa galasi lowala. Anati fupa lachepa chifukwa mano anachoka kale, koma lilipo lokwanira tizitsulo tinayi m'mwamba ndi tinayi m'munsi. Anatinso sangakhudze kanthu shuga isanatsike. Anatipatsa miyezi itatu.

Miyezi itatu imeneyo ndimaikumbukira ndi chimwemwe. Ndinachotsa shuga m'nyumba mwanga kuti iye akabwera asaione. Tinkadya repu, delele, nyemba, mazira. M'mawa uliwonse ankadzibaya chala ndi kamakina, ine n'kumafunsa nambala ngakhale sindinkaimvetsa. Akamwetulira ndi maso ndinkadziwa kuti yatsika. Amai a mphakati wathu wa kutchalitchi anapemphera nafe masiku asanu ndi anayi. Mu Okutobala adokotala anavomera.

Anamulowetsa m'mawa. Ine ndinakhala pa benchi ndi korona, mlamu akudutsadutsa ndi chokolopera chake, nthawi iliyonse akunditsinzinira diso. Dzuwa litapendeka, anesi anandiitana. Ndinapeza mwana wanga atakhala pa mpando uja wogoneka, masaya otupa, milomo youma, atagwira kagalasi. Anatsegula pakamwa pang'ono. Munali mano. Oyera, ofanana, m'mwamba ndi m'munsi. Nkhope yake, imene inali itaphwa ngati ya agogo, inadzazanso. Ndinaona mtsikana uja ndinamuperekeza ku ukwati.

"Amai," anatero, mawu akutuluka movutika, "nili bwanji?"

Ndinagwada kwa adokotala, iwo n'kundidzutsa ndi manja awiri.

Anatiuza kuti mano amenewo ndi ongoyembekezera. Enieni adzaikidwa fupa likagwirana ndi tizitsulo, patapita miyezi. Anatiuza zakudya zofewa zokhazokha, anatipatsa mapilisi ndi botolo la mankhwala ochukuchira m'kamwa. Ndiye anagwira kakhadi, n'kuloza ndi cholembera. "Amai, iyi siku musaphonye. Masiku khumi. Tichose ulusi, tione mukati. Munthu wa shuga chilonda chake sichikamba zoona kunja. Pambuyo pake mubwelanso, mubwelanso." Ndinavomera. Ndikunena zoona pamaso pa Mulungu, ndinavomera ndi mtima wonse.

Tsiku limenelo mkamwini anapempha mnzake wa galimoto kuti atitule mpaka pakhomo. Ndinamukhazika mwana wanga kuzenera, ine pakati. Ndinanena kuti akachirire kwa ine, osati kunyumba kwake, ndipo onse anavomera.

Apa ndiyenera kufotokozera amene anakulira m'tauni. Ife tinabwera kuno kuchokera kum'mawa ndi malemu bambo ake, nthawi imene ankagawa minda, ndipo tinabwera ndi zimene amayi athu anatiphunzitsa. Kwathu timadziwa kuti munthu amene wagona ndi mwamuna kapena mkazi wake amakhala wotentha. Wotentha sayenera kugwira mwana wakhanda, sayenera kuthira mchere m'ndiwo za wodwala, sayenera kuyandikira chilonda chachiwisi. Akatero chilonda chimanyeka, sichipola. N'chifukwa chake mayi amene wangobereka timamusunga m'chikuta. Ine ndine Mkatolika wobatizidwa, ndipo sindinapitepo kwa sing'anga chibadwire. Koma izi sindinkaziona ngati zachikunja. Ndinkaziona ngati kusamala, chimodzimodzi kuvundikira madzi akumwa. Ana anga onse ndinawasunga choncho ndipo michombo yawo inapola bwino. Komanso ndine wamasiye, wozizira, woyenera kudwazika. Ndinkaona ngati Mulungu anandisungira ntchito imeneyi.

Ndinamuyalira m'chipinda changa. Kapu yake, supuni yake, mbale yake, palibe wina ankazigwira. Mchere ndinkathira ndekha. Amai a mphakati akabwera kudzazonda ndinkawakhazika pansi pa mtengo wa mango, iye n'kuwapatsa moni pazenera. Anamvetsa, ambiri a iwo akanachita chimodzimodzi. Masiku oyambirira anali okoma. Kutupa kunatsika. Ndikusesa panja ndinkamumva akuyesa mawu pansipansi, zilembo zija zinkamukanika kale. Tsiku lina anandiitana kuti ndidzangomumva akutchula "sopo" ndi "Fulaide". Ankabwereza ngati mwana wa giredi wani.

Tsiku la pa kakhadi litayandikira, mtima wanga unayamba kuvuta. Galimoto ya mnzake uja inalibe mpata. Kunatsala minibasi. Inu mukuidziwa minibasi ya kuno. Anayi pa mpando wa atatu, wina mwendo uli pa iwe, wina akukupumira pakhosi, fumbi la Okutobala likulowa pazenera, ndiye mukafika pa msewu wa tara mukwere ina. Anthu onsewo, ndani akudziwa kumene agona? Mwana wanga ali ndi zilonda zisanu ndi zitatu zofika pa fupa. Ndinakumbuka mlongo wa mayi anga amene anapita kumsika ndi bala la khasu pa mwendo, bala lija n'kukhala naye mpaka kumanda.

Mkamwini anapempha tchuti kuntchito, n'kubwera m'mawa wa tsikulo atavala malaya oyera. Ananjuta patali, pafupi ndi khola la nkhuku, nkhope atayang'ana kumbali monga mwa ulemu wa apongozi.

"Amai, nabwela kutenga odwala. Lelo ni siku ya ku chipatala."

Ndinakhala pa mphasa, nanenso kuyang'ana kumbali. "Apongozi, mwachita bwino. Koma chilonda chikali chiwisi. Mu basi muli anthu ambili. Tiyeni tiyembekeze chiume."

Mkamwini anati, "Ba dokota banalemba, amai."

"Ba dokota baziwa zitsulo zawo. Ise tiziwa anthu athu. Nabala ana asanu na mmodzi, palibe amene anaola mchombo."

Mwana wanga anali pakhomo atavala kale. Anati, "Amai, ningavale chitenje pakamwa, sinizakamba na munthu." Ndinalira. Ndinamuuza kuti wadikira zaka zonsezi, asataye zonse chifukwa cha ulendo umodzi. Ndinamuuza kuti ulusi suthawa. Anayang'ana mwamuna wake, mwamuna wake anayang'ana pansi. Kwathu mkamwini satsutsana ndi apongozi ake pakhomo pawo. Anawomba m'manja, n'kusiya nthochi zimene anabweretsa pa mwala, n'kupita. Mwana wanga anavula nsapato.

Anesi anaimba foni tsiku lotsatira. Ndinayankha ndine. Ndinati ali bwino, tibwera sabata ya mawa. Anaimbanso kawiri. Kachitatu ndinangoiyang'ana foni ikulira pa tebulo.

Sabata yachitatu tsaya lamanzere linatupanso. Ndinachita zimene timachita: ndinatenthetsa madzi, kuviika kansalu, n'kumamuthowa m'mawa ndi madzulo. Mapilisi anali atatha, botolo lija linali litatha, tinkachukucha ndi madzi amchere. Ankati kukugunda m'kati ngati ng'oma. Ine mumtima ndinayamba kufufuza amene analowa. Ndinakumbuka kuti mayi wina woyandikana nafe anabwereka sefa n'kulowa mpaka kukhitchini. Ndinati ndi ameneyo. Ndinalimbitsa kwambiri. Ngakhale adzukulu anga ndinawaletsa kufika, poti amagona m'nyumba za anthu.

Sabata yachinayi kunabwera fungo. Kamakina kanayamba kuonetsa manambala amene iye sankafuna kundiuza. Anasiya kuyesa mawu. Ankagona atayang'ana kukhoma. Anandiuza kamodzi kuti, "Amai, ya pamwamba yagwedela." Ndinamuyankha kuti asawagwire ndi lilime. Ndinkapemphera korona itatu pa tsiku, ndikupempha Amayi Maria kuti aumitse chilonda. Sindinapemphe kuti anditsegule maso, chifukwa sindinkadziwa kuti ndi otseka.

Anatipulumutsa ndi mlamu yemwe uja. Anesi anamufunsa kuntchito kuti wodwala wanu ali kuti. Sabata yachisanu mlamu anakwera basi tsiku lake lopuma, n'kufika masana mvula yoyamba itangowaza. Ndinamutchingira pakhomo.

"Mulamu, nkhalani pa mango, nizamuitana pa windo."

"Pa mango nikachite chani, ndine mbuzi?"

Anandikankhira pambali, mkazi wamfupi uja, n'kulowa. Sanathe ngakhale mphindi. Anatuluka atagwira mphuno, maso ofiira.

"Mulamu, mwamupaya mwana! Nikolopa pansi ine, sindine nesi, koma iyi fungo niiziwa. Mwamusungila chani?"

Ndinayamba kufotokoza za anthu otentha. Anandidula.

"Otentha ni uyu ali mukati! Mugwileni pa mutu mumvele!"

Ndinamugwira pamphumi. Thupi linali moto. Tinamuveka, tinamugwira uku ndi uku mpaka pamsewu, n'kukwera minibasi yomwe ija ndinkaiopa. Kondakitala ataona nkhope yake anachotsa anthu awiri kutsogolo. Mayi wina wosamudziwa anamupatsa phewa kuti atsamire ulendo wonse.

Anamugoneka m'chipatala chachikulu masiku asanu ndi limodzi, madiripu ali pamkono, kuti mafinya ndi shuga zitsike. Pambuyo pake adokotala aja anamasula mano. Tizitsulo tam'mwamba tinatuluka popanda kukoka. Mwa tam'munsi, tiwiri tokha tinali titagwirako, anayesa kutisunga, koma patapita mwezi natonso anatichotsa. Anationetsanso chithunzi pa galasi lowala. Pamene panali fupa loyera panali mdima. Anati mafinya adya fupa, latsala lopyapyala, ndipo ndi shuga yake sangayesenso kuboola kapena kuwonjezera fupa lina.

Sanandikalipire. Zikanakhala bwino akanandikalipira. Anesi atatuluka ndi mwana wanga, ndinatsala, ndinawafunsa ngati mano akanapulumuka tikanabwera pa tsiku la pa kakhadi.

"Ba dokota, niuzeni zoona. Sembe tinabwela siku ija?"

Anavula magalasi. "Amai, munthu wa shuga nthawi zina zimakana ngakhale achite zonse. Siningalonjeze. Koma sembe tinaona msanga. Kamodzi kakadwala, tichosa kamodzi, twina tupulumuka." Anandifunsa chimene chinatiletsa, ngati inali thiransipoti. Ndinawauza zonse. Anamvetsera mpaka kumapeto, osaseka. Anati agogo awo nawonso ankasunga mwambo wotere, ndipo kuyambira tsopano azifunsa mabanja za zimenezi asanayambe ntchito. Bambo ameneyo Mulungu amudalitse, ndi anesi ake, ndi ophunzira ake amene anataya ntchito ya manja awo chifukwa cha ine.

Kumudzi nkhani inagawa anthu. Amai ena a mphakati anabwera kudzanditonthoza kuti si ine, ndi dalaivala uja anatitula tsiku loyamba, kapena mayi wa sefa. Ndinawakana. Ndinapita kwa mayi wa sefa kukapepesa, chifukwa ndinali nditasiya kumuyankha moni. Ndinakalapa kwa wansembe. Anandiuza kuti sindinachite mwa njiru, ndipo Mulungu amaona mtima. Ndikukhulupirira. Koma bodza lija ndinauza anesi pa foni, lija linali langa, ndinalidziwa ndikulinena.

Kwa mkamwini ndinapita ndekha, zimene apongozi aakazi sachita. Ndinagwada pabwalo pake. Anathawira kuseri kwa nyumba, akufuula kuti, "Amai, nyamukani, muzaniletela tsoka!" Pambuyo anatuma mawu kudzera kwa mlongo wanga kuti nayenso ali ndi mlandu, poti ankadziwa ndipo anakhala chete.

Mwana wanga anakhala miyezi iwiri osaponda pakhomo panga. Sanandinyoze, sanandinenere kwa anthu. Anangokhala. Ndinkatumiza mazira, ankalandira. Tsiku lina chimanga chitayamba ngaiyaye ndinamuona akubwera ndi khasu. Analowa m'munda mwanga, n'kuyamba mzere wa pambali pa wanga. Tinapalira mpaka kumapeto osayankhulana. Pobwerera anaima, n'kutsamira khasu.

"Amai, nenze na miyendo. Sembe ninayenda neka."

"Iyai mwananga, ndine."

"Nikamba kuti tonse. Lekani kulila, muzapalila chimanga m'malo mwa udzu."

Ndi mawu okhawo amene wanenapo pa nkhaniyi mpaka lero.

Pano akudya phala, maungu, nyemba zosefa, ndi nsomba zimene timazisinja. Wawonda, ndipo anesi a kuno akuti munthu wa shuga sayenera kudya moperewera chotere. Nsagwada yam'munsi yaphwa kuposa kale, moti madzi amamudontha akamamwa, amamwera kumbali. Adokotala akuti nkhama zikalimba ayesa kumupangira ena apulasitiki okhala ndi zofewa m'kati, koma atiuziratu kuti am'munsi mwina sadzakhala, poti palibe pogwira. Tsiku lake alemba kale. Ndalilemba ndi makala pakhoma la khitchini, ndipo ndauza mlamu kuti ndikadzayamba kunena zina adzandimange ndi chingwe cha mbuzi.

Ndalemba izi ndi dzanja langa, pang'onopang'ono, poti sukulu ndinalekezera giredi seveni. Sindikunyoza amayi athu amene anatiphunzitsa, anatilera ndi zimene ankadziwa. Koma ngati muli ndi wodwala amene adokotala amulembera tsiku, mutengeni, mukwere naye basi imene ilipo.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, mukamagwada kwanu, mutiikeko. Mukumbukire mwana wanga kuti thupi lake libwerere ndi kuti nkhama zake zilandire chimene adzamuikire. Mukumbukire mwamuna wake pa makwerero a nyumba za anthu, ndi ana awo atatu. Pakatsala malo, mukumbukirenso mayi wokalamba wa ku Kanakantapa amene ankafuna zabwino.